Silabu ithiridwe Loweruka kapena tidikire injiniya?

Nachisale ku Joni: Moni nonse pagulu pano. Ndikumanga nyumba yosanjikizana ku Chileka koma ine ndili ku Joni. Pansi tamaliza, zipilala zaima, matabwa a silabu akhoma kale ndipo zitsulo amanga. Folomani akuti nditumize ndalama ya simenti matumba 120 ndi ya aganyu kuti Loweruka athire konkire. Amene anatijambulira pulani akuti asathire mpaka injiniya adzaone zitsulozo, koma injiniyayo ali ku Mzuzu, apezeka Lachitatu sabata ya mawa, ndiponso ulendo wake ndilipire ndine. Folomani akuti ndikungotaya ndalama, iye wathira masilabu ambirimbiri ndipo palibe inagwa. Amene amandiyang'anira ntchito ndi achimwene anga, koma iwo ndi aphunzitsi, za zomanga sazidziwa. Ndithandizeni maganizo abale.

Bambo a Tadala: Achemwali, dikirani. Masiku anayi si kanthu. Khoma likapindika timagwetsa n'kumanganso, denga likadontha timasintha lata, koma zitsulo zikangokwiririka mu konkire zatha, palibenso munthu adzazione. Musatumize ndalama ya aganyu mpaka injiniya ataima pamwambapo ndi tepi yake.

Mayi a Pempho: Ndikugwirizana ndi abambowa. Folomani wodziwa ntchito yake saopa kuti wina adzaone.

Folomani wa ku Machinjiri: Pepani akuluakulu, ndilankhuleko mbali ya ife amisiri chifukwa pagulu pano nthawi zonse wolakwa amakhala mmisiri. Folomaniyo mwina wabwereka mikisa ya Loweruka, wauza kale anyamata 20, madzi watunga m'migolo. Mukasintha tsiku zonsezo zimamugwera iyeyo. Komanso tinene zoona, mainjiniya ena amabwera pa galimoto, kuzungulira mphindi khumi nsapato osadetsa, kusaina, kulandira ndalama n'kumapita. Ndiye mwini nyumba amati ntchito yaonedwa. Yaonedwa chiyani?

Mbewe Injiniya: A folomani, zimene mwanenazo zimachitikadi ndipo zimandipweteka mtima chifukwa zimatinyozetsa tonse. Koma mankhwala ake si kusiya kuyendera ntchito, ndi kudziwa zimene woyenderayo ayenera kuona, kuti mwini nyumba athe kumufunsa. Mayi Nachisale, ndilembe zimene ine ndimachita ndikafika pa silabu isanathiridwe, muwatumizire achimwene anuwo akhale nazo m'manja.

Ndimayamba pansi, osati pamwamba. Ndimalowa kunsi kwa matabwa kukaona mapolo ochirikiza. Aima pa chiyani? Ngati aima pa dothi lofewa kapena pa njerwa zosanjikiza, konkire ikalemera amatitimira ndipo silabu imatuluka ndi mimba. Konkire yaiwisi ndi yolemera kwambiri, kyubiki mita imodzi imafika makilogalamu 2,400, kuwonjezera anthu ndi mawilibala oyenda pamwamba. Mapolowo akhale olunjika, otalikirana bwino ndiponso omangirirana m'mbali.

Ndikakwera pamwamba ndimatsegula pulani ya zitsulo n'kuwerenga. Ngati yalemba Y12, kutanthauza chitsulo chonenepa mamilimita 12, pa mamilimita 200 aliwonse, ndimayala tepi n'kuwerenga zitsulo zimene zili pa mita imodzi, zipezeke zisanu. Ndapezapo malo amene pulani ikuti 200 koma amanga 300, ndipo zitsulo zotsalazo zinapita kwina. Kenaka polumikiza zitsulo ziwiri: zipitirirane utali wokwanira, kawirikawiri kukula kwa chitsulo kuchulukitsa ka 40 kapena 50, ndiye kuti Y12 ipitirirane pafupifupi theka la mita kapena kuposerapo, osati kungogundanitsa nsonga.

Chimene ambiri amachinyozera ndi mpata wa pakati pa chitsulo ndi thabwa. Chitsulo chisagone pa thabwa. Pamafunika timabuloko tating'ono ta simenti tochinyamula, kuti konkire ilowe pansi pake mamilimita 20 kapena 25 monga pulani yanenera. Popanda mpata umenewu chinyezi chimafika pa chitsulo, dzimbiri limayamba, chitsulo chimatupa n'kuphulitsa konkire. Mukaona denga la nyumba yosanjikizana likugwetsa zibenthu ndipo zitsulo zofiira zikuonekera, gwero lake ndi limeneli.

Nachisale ku Joni: Zikomo kwambiri a injiniya. Nyumbayi ili ndi kakhonde kam'mwamba kotulukira kunja kopanda zipilala. Pamenepo palinso china choti aone?

Mbewe Injiniya: Mayi, pamenepo ndiye pamene ndikanafuna injiniya wanuyo athere nthawi yambiri. Khonde lotulukira kunja lopanda chochirikiza limagwira ndi zitsulo za pamwamba, osati za pansi, ndipo zitsulozo ziyenera kulowa mkati mwa silabu ya nyumba mtunda wokwanira. Mmisiri wozolowera silabu wamba amaika zitsulo pansi chifukwa ndi mmene amachitira masiku onse. Ngakhale atamanga bwino pamwamba, tsiku lothira anyamata amaponda ndi majombo, wilibala n'kudutsa pomwepo, zitsulo n'kutsikira pansi. Khonde lotere limatha kuthyoka tsiku lomwe achotsa mapolo. Pamafunika timipando tachitsulo tonyamula zitsulo za pamwambazo, ndi matabwa oyalidwa oyendapo wilibala. Ndipo munthu mmodzi ntchito yake tsiku limenelo ikhale yongoyang'ana zitsulo n'kumazibwezeretsa.

Che Jafali ku Cape Town: Ine sindidziwa masamu a mainjiniya koma ndagwira ntchito yomanga kuno ku South Africa, ndipo nkhani iyi sindingaikhalire chete. Pa 6 May 2024 nyumba yosanja kasanu imene inkamangidwa mu mzinda wa George inagwa masana anthu ali pa ntchito. Munali anthu 62, anamwalira 34, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu, pamodzi ndi a ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Tinasonkha ndalama m'magulu athu kuno, tinalira. Boma la kuno litafufuza, nduna ya za ntchito za boma, a Dean Macpherson, inanena poyera kuti ngoziyo ikanapeweka. Ming'alu inaoneka kale nyumba isanagwe, ogwira ntchito anadandaula kuti nyumba ikugwedera, koma ming'aluyo anangoimata ntchito n'kumapitirira. Konkire nayo inapezeka yofooka kuposa imene pulani inkafuna. Ndiye taonani, kumeneko kunali mainjiniya, kunali mapepala, kunali mabungwe oyang'anira. Chinasowa ndi munthu woti aime n'kunena kuti ntchito iime, ena n'kumumvera. Achemwali, nyumba yanuyo mudzagona ana. Komanso Loweruka lomwelo pansi pa matabwa padzakhala ana a eni ake akugwira ganyu.

Mayi a Pempho: Mizimu yawo iuse mumtendere. Nkhani imeneyi inatikhudza tonse.

Folomani wa ku Machinjiri: Che Jafali, pamenepo sinditsutsa. Ine ndinangofuna kuti eni nyumba nawonso amve mbali yawo. Munthu amakupatsa ntchito n'kukuuza kuti zipangizo ndigula ndekha. Akubweretsera mchenga wa m'dambo wodzaza matope chifukwa lole yake ndi yotchipa, simenti wogona m'sitolo miyezi mpaka wachita mibulu, zitsulo zopyapyala zimene wogulitsa akuti ndi Y12. Ukakana akuti ukufuna kumudyera. Nyumba ikang'aluka dzina loipa ndi lako.

Nangozo wa ku Labu: A folomani mwakhudza ntchito yanga. Ine ndimayeza zipangizo, ndiye ndinene zimene munthu angachite yekha pamalo popanda makina.

Mchenga: tengani botolo loonekera mkati, thirani mchenga mpaka theka, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri n'kulisiya maola atatu. Mchenga umakhala pansi, matope amadzayala pamwamba pake ngati kamzere. Yezani ndi rula. Ngati mchenga ndi masentimita 10 ndipo matope akuyandikira sentimita imodzi, mchenga umenewo usalowe mu silabu usanatsukidwe. Matope amakuta mchenga, simenti n'kulephera kugwira.

Zitsulo: musadalire maso, dalirani sikelo. Dulani mita imodzi ya Y12 muike pa sikelo ya m'sitolo, ikhale pafupifupi magalamu 890. Y10 ndi pafupifupi 620, Y16 ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu 580. Chitsulo chathunthu cha Y12 cha mamita 12 chimaposa pang'ono makilogalamu 10 ndi theka. Chikapepuka kwambiri mwagulitsidwa china. Muyezenso utali, chifukwa zina zimabwera zoperewera.

Simenti: onani pa thumba nambala ya mphamvu yake ngati ndi 32.5 kapena 42.5, ndipo mugule amene injiniya walemba. Onani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards kapena cha bungwe la miyezo la dziko limene wachokera. Pisani dzanja m'thumba, ngati muli mibulu yosaphwanyika ndi zala ameneyo wamwa chinyezi.

Bambo a Tadala: Onjezani nkhani ya madzi mayi. Pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi, chimene ndaona chikupha konkire kwambiri ndi madzi. Anyamata akatopa masana amathira ndowa yowonjezera kuti fosholo ipepuke ndi kuti konkire iziyenda yokha m'matabwa. Imaoneka yosalala bwino, mwini nyumba n'kusangalala, koma mphamvu yapita. Konkire ya silabu isakhale ngati phala la mwana, ukaitapa pa fosholo iziima mulu. Kuti ilowe m'makona ntchito ndi ya vibrator, makina ogwedeza konkire, osati madzi.

Nangozo wa ku Labu: Zoona bambo. Thumba la makilogalamu 50 limafuna madzi pafupifupi malita 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetseko. Pa ntchito zikuluzikulu timayeza ndi chitini chooneka ngati fanulo yozondoka, chotalika mamilimita 300. Timadzaza konkire magawo atatu, gawo lililonse kusinja ndi kandodo kachitsulo ka 25, kenaka kukweza chitinicho pang'onopang'ono n'kuyeza mmene mulu watsikira. Ukangophwasuka n'kuyenderera, konkireyo timaibweza isanakwere pamwamba.

Kenaka makyubu. Timatapa konkire yomwe ikuthiridwayo n'kuika m'zikombole za mamilimita 150 mbali zonse, mawa lake kuchotsa n'kuviika m'madzi, ndipo ena timaphwanya pa makina patatha masiku 7, ena masiku 28. Ngati pulani ikuti C25, umene ndi muyezo wa mphamvu ya konkire, mphamvu ya kyubu ya masiku 28 pa makinawo isatsike pa 25. Ya masiku 7 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndiye imakuchenjezani msanga musanayambe kumanga makoma pamwamba. Ku Lilongwe kuli Central Materials Laboratory ya boma, ku Blantyre anthu amapita nawo ku yunivesite ya MUBAS, komanso alipo malabu a anthu wamba.

Koma chonde mvetsani ichi. Makyubu atapidwe pa wilibala imene ikupita pa silabu, woyang'anira wanu akuona, ndipo alembepo tsiku. Ndalandirapo makyubu olimba modabwitsa, kukafika pa nyumbayo konkire ikufumbutuka ndi msomali. Anachita kusakaniza kapadera ka makyubu okha. Pepala la ku labu limanena za chimene mwatibweretsera, silinena za nyumba yanu.

Nachisale ku Joni: Ndiye kuti ngakhale injiniya ataona zitsulo Lachitatu, tsiku lothira pafunikanso munthu?

Mbewe Injiniya: Eya mayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri omanga ali kunja amagwera. Amaganiza kuti kuyendera ntchito ndi ulendo umodzi. Pali ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba imachitika ntchito isanayambe: kugwirizana polemba kuti zipangizo zikhala zotani, muyezo wosakanizira ndi uti, ndani avomereze chiyani, ndi malo ati amene mmisiri sadutsa popanda siginecha. Yachiwiri ndi ya mmisiri mwini tsiku ndi tsiku, kuyeza ntchito yake ndi levulo, chingwe, tepi ndi bokosi loyezera. Yachitatu ndi ya munthu wapadera wobwera kudzatsimikiza, ndipo ameneyu asalipidwe ndi kontirakitala, alipidwe ndi inu. Wodya za folomani sangamuuze folomani kuti phwasula.

Malo oimira amene ine ndimalemba pa nyumba ngati yanuyi ndi awa: maenje a maziko asanathiridwe, dothi lothira mkati litasinjidwa komanso mankhwala a chiswe ndi pulasitiki zisanakwiririke, zitsulo za zipilala ndi mabimu, zitsulo za silabu pamodzi ndi mapaipi a magetsi, ndi mitengo ya denga malata asanakhomedwe. Mukaona, onsewa ndi malo amene chinthu chikukabisika.

Pa bokosi loyezera ndiwonjezere. Akati 1:2:4 ndiye kuti muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, ndi chotengera chimodzimodzi. Thumba la simenti ndi pafupifupi malita 35, pamene wilibala yodzaza bwino imapitirira malita 60. Ndiye amene akuthira thumba limodzi, mawilibala awiri a mchenga ndi anayi a miyala n'kumati ndi 1:2:4 wachepetsa simenti pafupifupi ndi theka. Khomani bokosi la matabwa lolowa thumba limodzi ndendende, aziyezera limenelo.

Achimwene a ku Area 49: Funso langa ndi lakuti kodi a khonsolo ntchito yawo n'chiyani? Timalipira ndalama kuti pulani ivomerezedwe, bwanji osabwera iwowo kudzaona?

Mayi a Pempho: Pulani kuvomerezedwa ndi nkhani ina, nyumba kumangidwa motsata pulaniyo ndi nkhani inanso. Oyendera nyumba ndi ochepa poyerekeza ndi mmene mizinda yathu ikukulira, ndipo nyumba zambiri zikumangidwa kunja kwa malire a mzinda. Muwaitane ndithu, ndi udindo wawo, koma musagone tulo poganiza kuti alipo amene akukuyang'anirirani.

Bambo a Tadala: Komanso pofuna kontirakitala funsani chiphaso cha bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga. Bungweli linayamba ndi lamulo la 1996 likutchedwa NCIC, ndipo limalembetsa makontirakitala m'magulu molingana ndi kukula kwa ntchito imene angathe. Chiphaso sichimanga nyumba, koma zikavuta muli ndi kokadandaula. Kuposa apo, pitani mukaone nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo, osati yatsopano yonyezimira penti. Mukaone m'makona a mawindo, mukafunse mwini wake ngati mmisiriyo anabweranso atamuitana.

Achimwene a ku Area 49: Nanga namondwe Freddy uja mu March 2023, nyumba zonse zinagwa ku Chilobwe zija, tinene kuti amisiri onse aja analakwitsa?

Mbewe Injiniya: Ayi achimwene, tisawanamizire. Matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche palibe nyumba wamba ikanalimba. Pamenepo vuto linali malo. Koma kutali ndi phiri nyumba zambiri zinagwa ndi mvula yokha, chifukwa cha maziko osaya, njerwa zomangira dothi, ndi madzi oima m'mbali mwa khoma. Chivomezi cha ku Karonga mu December 2009 chinaonetsanso zomwezo, makoma osamangirirana pamwamba ankangotseguka m'makona. Dziko lathu lili m'chigwa chimene zivomezi zimachitika, choncho bimu yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo si yokongoletsera. Kuona malo ndi dothi ndiye kuyendera koyamba. Womanga pa makande, monga m'madera ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje, maziko ake sangafanane ndi a womanga pa katondo, chifukwa makande amatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe. M'mera mpoyamba.

Folomani wa ku Machinjiri: Chabwino, ndavomera kuti adikire. Koma achemwali muwaimbire folomani wanuyo lero lomwe, musamuuze Lachisanu usiku. Ngati analipira kale mikisa mugawane naye. Ndipo injiniya akabwera, folomani akhalepo, ayendere limodzi. Zokonza azilembe pa pepala onse asaine, osati injiniya kukuimbirani inu ku Joni kumbali, folomani n'kumva kwa achimwene anu. Mmisiri ukamulemekeza amakuuza yekha pamene pali vuto. Ukamutenga ngati wakuba amabisa.

Che Jafali ku Cape Town: Mawu amenewo ndi oona. Ndipo anyamata a ganyu nawonso muziwamvera. Amene amaona mng'alu poyamba ndi wonyamula ndowa, osati bwana.

Nachisale ku Joni: Ndawaimbira. Sanakondwe koma avomera, tagwirizana kuti athire Loweruka linalo. Injiniya abwera Lachitatu ndipo wati atumiza mnyamata wake tsiku lothira kuti adzatape makyubu. Tsono za malipiro, folomani amafuna ndimumalizire ndalama yonse ya silabu akangothira.

Mayi a Pempho: Musamalize. Pa makontirakiti amasunga 5 kapena 10 peresenti ya malipiro, ina amapereka ntchito ikatha, yotsalayo pakapita miyezi 6 kapena 12 zolakwika zitakonzedwa. Inunso chitani chimodzimodzi, koma mugwirizane poyera ndipo nthawi ikakwana mupereke osazengereza. Eni nyumba ena amasandutsa ndalama imeneyi yawo, n'chifukwa chake amisiri amaikana.

Bambo a Tadala: Ndipo ntchito sithera pa kuthira. Silabu imafuna madzi masiku osachepera 7, isaume ngakhale pang'ono. Ndi dzuwa la ku Chileka lija kuwaza m'mawa ndi madzulo sikukwana. Ine ndimazunguliza kamzere ka matope a simenti m'mphepete n'kudzaza madzi pamwamba ponse, kapena kuyala masaka n'kumawanyowetsa. Lembani mayi mmodzi wapafupi ntchito yake ikhale imeneyo, muzimulipira pa tsiku, ndipo achimwene anu azikutumizirani chithunzi masana, osati m'mawa.

Mapolo asachotse msanga ngakhale atawafuna pa ntchito ina. Matabwa a m'mbali angachoke patapita masiku awiri, koma ochirikiza pansi pa silabu akhale masabata awiri, a pansi pa mabimu ndi kakhonde kaja atatu, kapena mpaka injiniya ataona zotsatira za makyubu. Ndiponso asaunjike mabuloko onse pakati pa silabu ikadali yaiwisi.

Achimwene a ku Area 49: Pa mabulokopo ndifunse nawo. Chichokereni malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda, aliyense akuumba mabuloko m'mbali mwa msewu. Ena ukangowagwira m'mphepete amanyenyeka. Tingawadziwe bwanji abwino?

Nangozo wa ku Labu: Pitani kumene akuumbira musanagule. Funsani kuti thumba limodzi akutulutsa mabuloko angati, kenaka khalani pompo muwerenge nokha. Onani ngati akuwathirira madzi ndi kuwafunditsa, kapena akungowayanika padzuwa n'kugulitsa mawa lake. Buloko isamangidwe isanathe masabata atatu kapena anayi, chifukwa yaiwisi imafota ili kale pa khoma n'kung'amba pulasitala. Kandani ndi msomali, gogodani ndi chitsulo mumve ngati ikulira, ndipo imodzi muigwetse kuchokera m'chiuno pa dothi lolimba, yabwino imangobenthuka pakona osamwazika. Ngati mukugula ochuluka, sankhani nokha angapo pa mulu, osati amene wogulitsa wakupatsani, mubwere nawo tidzaphwanye pa makina. A khoma lonyamula silabu ndi a mpanda si amodzi, ndiye pogula nenani kuti ndi a ntchito yanji.

Achimwene a ku Area 49: Ndibwera nawo asanu sabata ya mawa. Ndiwanyowetse kapena abwere ouma?

Nangozo wa ku Labu: Abwere mmene alili, zokonzekera tikachita ife. Mungolemba pa iliyonse tsiku limene inaumbidwa ndi kumene mwaigula.